Mmene mungakonzekere ntchito yokonzanso bafa la pakhomo kuno ku Dedza

Mabanja ambiri kuno ku Dedza akagulitsa kachewere, nyemba kapena soya n'kupeza ndalama, amaganiza zokonzanso bafa. Ena amafuna kulowetsa bafa ndi chimbudzi m'nyumba kuti asamatuluke usiku m'chisanu cha mu Juni, pamene ena ali nalo kale la m'nyumba koma khoma lake linanyowa, pulasitala akugumuka ndipo fungo silikutha. Ambiri amayambira kusitolo ya matailosi chifukwa matailosi ndiwo amaoneka, koma ine ndikulangiza kuti matailosi akhale omalizira kuganiziridwa. Kulimba kwa bafa kwagona pa mafunso awiri: madzi achokera kuti, ndipo akagwira ntchito apita kuti. Zinthu zimene zimayankha mafunso awiriwa zimakwiriridwa pansi ndi m'khoma, kotero kuti zikalakwika, simungazikonze popanda kuswa zonse zimene mwaika pamwamba pake.

Fufuzani kaye chimene chavuta

Musanaitane mmisiri aliyense, liyang'anitsitseni bafa limene muli nalo. Gogodani khoma ndi pansi ndi kandodo, ndipo pamene pakumveka kuti m'kati muli mphako pachongeni, chifukwa pamenepo pulasitala kapena tailosi inalekana kale ndi khoma. Zungulirani kuseri kwa khoma lililonse la bafa, kaya ndi kuchipinda chogona kapena kunja, muone kumene penti akusupuka.

Chinyezi chili ndi magwero angapo, ndipo aliwonse ali ndi mankhwala akeake. Chikakhala m'munsi mwa khoma n'kumakula m'nyengo ya dzinja, nthawi zambiri chimakwera kuchokera m'nthaka. Chikayambira pamwamba, kayang'aneni malata. Chikakhala pamalo amodzi chaka chonse, ngakhale mu Seputembala kunja kuli gwa, ndiye kuti paipi ikudontha m'khoma. Ngati mumalandira madzi a Central Region Water Board, tsekani mipope yonse madzulo, lembani manambala a pa mita, ndipo muwaonenso m'mawa munthu asanatunge. Akasintha, madzi akuthawira penapake. Palinso chinyezi cha nthunzi, chimene chimavuta kwambiri kumtunda kuno. Tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo madzi otentha akakumana ndi khoma lozizira amasanduka mame amene amadetsa siling'i ndi ngodya za chipinda. Chinyezi choterechi sichifuna kuswa kanthu, chimafuna zenera lotseguka.

Funsaninso kuti khomalo linamangidwa ndi chiyani. Nyumba zambiri zakale zinamangidwa ndi njerwa zowotcha zolumikizidwa ndi matope, zina ndi zidina, kenaka n'kupakidwa pulasitala wa simenti pamwamba. Khoma la njerwa zomangidwa ndi matope lingathe kulandira matailosi ngati mmisiri achotsa pulasitala wakale, kukolopola matope a m'mizere pang'ono, kukhomera waya wa nkhuku, n'kupaka pulasitala watsopano. Pakhoma la zidina sindingalimbikitse munthu kuika shawa, chifukwa madzi akangopeza kampata, khomalo limafewa kuchokera m'kati. Kuli bwino kumanga kachipinda katsopano ka mabuloko kapena ka njerwa ndi simenti, kogundana ndi nyumba. Amene muli m'nyumba ya lendi, musaswe chilichonse musanagwirizane molemba ndi eni nyumba za amene alipire ndi mmene ndalamayo idzabwezedwere.

Werengani madzi amene muli nawo

Chimbudzi chogejemula cha masiku ano chimataya malita pafupifupi 6 nthawi iliyonse, ndipo zakale zambiri zimataya malita 9. Banja la anthu asanu ndi mmodzi, aliyense akalowako kanayi pa tsiku, likhala litataya malita 144, omwe ndi ndowa za malita 20 zoposa zisanu ndi ziwiri, musanawerengere osamba, ochapira ndi ophikira. Ngati madzi a pakhomo panu amabwera pamutu kuchokera kumjigo, dzifunseni moona mtima kuti adzatunga ndowa zimenezo ndani tsiku ndi tsiku. Ndimalimbikira mfundoyi chifukwa katunduyu amagwera amayi ndi ana aakazi, amene kawirikawiri safunsidwa pamene bambo akusankha zipangizo. Pakhomo potere, chimbudzi chothira madzi ndi kandowa, chimene chimatha malita awiri kapena atatu okha, ndi bafa losambira m'beseni lokhala ndi pansi potsetsereka bwino, ndi chisankho chanzeru ndipo sichochititsa manyazi.

Ngakhale amene muli ndi mpope mukudziwa kuti madzi amasiya, makamaka mu Okotobala ndi Novembala. Choncho thanki yosungira madzi ilowe mu bajeti kuyambira pachiyambi. Kumbukirani kuti lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndiye thanki ya malita 1,000 ikadzaza imalemera tani yathunthu, ndipo nsanja yake iyenera kukhala yachitsulo cholimba kapena yomangidwa ndi simenti pa maziko okumbidwa bwino.

Kutalika kwa nsanjayo n'kumene kumapereka mphamvu ya madzi. Mamita 10 aliwonse a kutalika amapereka bar imodzi (bar ndi muyeso wa mphamvu ya madzi m'paipi), ndipo kutalikako kumayezedwa kuchokera pa mutu wa shawa kufika pa madzi a m'thanki, osati kuchokera pansi. Mutu wa shawa umakhala pa mamita awiri, choncho thanki yokhala pansanja ya mamita atatu imangopereka madzi otsika mwaulesi, makamaka ikatsala pang'ono kutha. Ngati mukufuna shawa yeniyeni, nsanja ikhale ya mamita asanu kapena asanu ndi imodzi, kapena mugule pampu yaing'ono. Amene nyumba zanu zili m'mphepete mwa phiri muli ndi mwayi, chifukwa mungathe kukhazika thanki kumtunda kwa poloti popanda nsanja yaitali. Pogula mipope ndi mutu wa shawa, muuze wogulitsa ngati madzi anu ndi a thanki, chifukwa zina zinapangidwira madzi amphamvu okha.

Konzani kumene madzi oipa adzapite

Apa ndi pamene pamafunika kudekha kwambiri, ndipo ndi pamene pamapita ndalama zimene alendo sadzaziona. Chimbudzi cha madzi chimafuna septiki thanki ndi dzenje lomwetsa madzi m'nthaka. Septiki yabwino imakhala ndi zipinda ziwiri, choyamba chachikulu pafupifupi kawiri kuposa chachiwiri, kuti zolimba zizikhazikika m'chipinda choyamba ndipo madzi okha azipitirira. Ipakidwe pulasitala m'kati kuti isadonthe, ikhale ndi zivundikiro zotseguka, italikirane ndi maziko a nyumba mamita osachepera atatu, ndipo ikhale pamalo pamene galimoto yopopa ingafike. Ngati septiki ilipo kale, itseguleni muone mmene yadzazira musanaiwonjezere katundu.

Dzenje lomwetsa madzi litalikirane ndi chitsime kapena mjigo mamita osachepera 30, ndipo likhale kumunsi kwake, osati kumtunda. Muyese mtunda umenewu poganizira chitsime cha anansi anunso, osati chanu chokha. Pansi pa dzenjelo patalikirane ndi madzi a m'nthaka mita imodzi ndi theka kapena kuposerapo, ndipo njira yodziwira kumene madziwo amafika ndiyo kuyang'ana zitsime za m'dera lanu mu Febuluwale ndi Malichi, pamene zadzaza, kapena kufunsa akuluakulu amene akhalitsa pamalopo. Mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo matendawa amayenda m'madzi okhudzana ndi zonyansa za munthu. Mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu angakuthandizeni kusankha malo, ndipo amene muli pa boma kafunseni ku khonsolo ngati chipinda chowonjezera kapena septiki yatsopano ikufunika chilolezo musanakumbe.

Nthaka ya boma lino siyofanana. Kumtunda, monga ku Bembeke ndi m'mphepete mwa phiri la Dedza, wokumba angakumane ndi thanthwe asanafike patali. M'madambo madzi amakhala pafupi. Ndipo kumene kuli dothi la makande madzi salowa msanga, komanso dothilo limafufuma m'dzinja n'kung'ambika m'chilimwe, zimene zimathyola mapaipi ndi makoma a septiki. Yesani nthaka yanu motere: kumbani dzenje lakuya mita imodzi pamalo amene mwasankha, lidzazeni madzi, mulisiye usiku wonse, ndipo mawa lake mulidzazenso. Madzi achiwiriwa akatha patapita maola ochepa, nthakayo ndi yabwino. Akakhalabe momwemo tsiku lonse, dzenje limodzi silingakwane, ndipo mufunika ngalande zazitali zosaya zodzazidwa ndi miyala, kapena malo ena.

Paipi ya chimbudzi imakhala ya mamilimita 110, ndipo ya shawa ndi sinki ya mamilimita 50. Paipi ya chimbudzi itsike masentimita awiri ndi theka pa mita iliyonse, iyende mowongoka, ndipo pamene yakhota kapena kukumana ndi inzake pakhale manhole, kadzenje komangidwa kokhala ndi chivundikiro, kuti ikatsekeka muzitha kuitsegula popanda kukumba bwalo lonse. Potulukira madzi paliponse pakhale kapaipi kopindika kosunga madzi pang'ono, kamene amisiri amati trap, chifukwa madzi amenewo ndiwo amatsekereza fungo kuti lisabwerere m'nyumba. Pakhalenso paipi ya mpweya yokwera kupitirira denga, yokhala ndi kasefa pamwamba. Bafa likamanunkha ngakhale likutsukidwa tsiku lililonse, kawirikawiri chimodzi mwa ziwirizi chinasiyidwa.

Chimbudzi chanu chakunja musachigwetse. Chidzakuthandizani pamene ntchito ili m'kati, pamene madzi asiya, komanso pa tsiku la ukwati kapena la maliro pamene pakhomo padzaza anthu amene septiki yanu singawakwanitse.

Kambiranani pakhomo, kenaka mujambule

Mukadziwa za madzi, khalani pansi ndi a pabanja panu. Kwathu kuno si aliyense amene amamasuka kulowa bafa limodzi ndi apongozi, kapena kutuluka m'chimbudzi chimene chitseko chake chayang'ana pabalaza pamene pakhala alendo. Nkhani zimenezi zikambidwe poyera khoma lisanabooledwe. Ngati bafa ndi limodzi pa banja lonse, lekanitsani chimbudzi ndi posambira ndi khoma ndi zitseko ziwiri, kuti m'mawa ana asukulu asamadikirane ndi opita kuntchito, ndipo sinki yosambira m'manja ikhale pamene wotuluka m'chimbudzi angaifikire mosavuta. Chitseko chisatsegukire kukhitchini.

Ganiziraninso agogo, amayi oyembekezera ndi inu nomwe m'zaka zikubwerazi. Khomo likhale lotambalala masentimita 80 kapena 90, chitseko chizitsegukira kunja kuti munthu akagwa m'kati athandizidwe msanga, ndipo pakhoma pafupi ndi chimbudzi ndi shawa pakhale chitsulo chogwirira chozikidwa m'njerwa. Chimbudzi chonjuta n'chosavuta kusamala ndipo ambiri anachizolowera, koma kwa munthu wodwala mawondo chokhalira ndicho chabwino.

Tengani tepi ndi pepala, muyeze chipindacho, mujambule pamene pali khomo, zenera ndi paipi iliyonse. Chimbudzi chikhale pakhoma lakunja loyandikira septiki kuti paipi yake ifupike, ndipo kutsogolo kwake pasiyidwe mpata wa masentimita osachepera 60. Posambira pasachepere masentimita 90 mbali zonse. Ngati chimbudzi chili pamalo abwino kale, musachisunthe, popeza kusuntha paipi yaikulu ndiko kumakweza mtengo wa ntchito yonse. Khoma limene mukufuna kugwetsa kapena kuboola lionedwe kaye ndi mmisiri wodziwa ngati lasenza denga, ndipo pakhomo latsopano lililonse paikidwe lintala, mtanda wa simenti wosenza khoma pamwamba pa khomo. Zenera likhale lotseguka, lokwera, lagalasi losaonekera m'kati.

Madzi otentha ndi magetsi

Ku Golomoti ndi ku Mtakataka munthu angasambe madzi ozizira pafupifupi chaka chonse, koma kumtunda kuno madzi otentha ndi ofunika, ndipo njira yowapezera isankhidwe mapaipi asanaikidwe. Giza ya magetsi ya malita 100 kapena 150 imakwanira banja, koma imadya mayunitsi ambiri ndipo ikakhala m'siling'i imafuna matabwa olimba ndi thireyi pansi pake yokhala ndi kapaipi kotulutsira madzi kunja. Giza ya sola imadula pogula koma sidya mayunitsi. Iyang'ane kumpoto, chifukwa m'miyezi yozizira dzuwa limadutsa chakumpoto kwa dziko lathu, ndipo pasakhale mtengo woiphimba. Dziwani kuti mu Juni ndi Julayi, masiku a mitambo ndi nkhungu, madzi ake amangofunda, choncho kumene kuli magetsi a ESCOM ndi bwino kugula yokhala ndi chotenthetsera cha magetsi chothandizira. Madzi otentha ayende m'mapaipi a PPR, omwe ndi apulasitiki opirira kutentha, kapena a kopa, osati a PVC wamba, amene amafewa ndi kutentha.

Ntchito ya magetsi m'bafa isaperekedwe kwa munthu wongoyesera. Funani wamagetsi wokhala ndi chiphaso cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi, ndipo aonetsetse kuti nyumba ili ndi waya wa earth wogwira ntchito ndi chozimitsa magetsi chokha pakachitika ngozi, cholembedwa kuti 30 mA. Switchi ya getsi ndi ya giza zikhale kunja kwa bafa, soketi isakhale pafupi ndi madzi, ndipo babu likhale lovindikiridwa. Izi n'zofunika koposa ngati mwasankha shawa yotenthetsa madzi pompopompo, chifukwa magetsi ake amakhala pamutu penipeni pa munthu wonyowa.

Chenjezo lina ndi la mbaula. M'nyengo yozizira anthu ena amalowetsa mbaula ya makala m'bafa kuti mufunde. Makala oyaka amatulutsa mpweya wakupha wopanda fungo, ndipo m'bafa latsopano lotsekeka bwino mpweyawo ulibe pothawira monga unkachitira m'bafa laudzu lopanda denga. Madzi atenthetsedwe panja, alowe m'ndowa, mbaula itsale kunja.

Nyengo, ndalama ndi amisiri

Ntchitoyi imayenda bwino pakati pa Meyi ndi Okotobala, pamene maenje sagumuka, mchenga umapezeka ndipo ngolo kapena lole imafika pakhomo. M'miyezi yozizira simenti amachedwa kulimba, ndipo mu Okotobala amauma msanga n'kung'ambika ngati sathiriridwa.

Polemba bajeti, yambani ndi zokwiriridwa: septiki, mapaipi, magetsi, simenti, mchenga, miyala ndi mankhwala otchinga madzi. Zooneka zibwere pambuyo. Ndalama ikachepa, bafa la pansi pa simenti wosalazidwa bwino ndi makoma a penti wosalowa madzi lingakutumikireni zaka zambiri, ndipo matailosi mungadzaike mukakololanso. Koma paipi yoonda yokwiriridwa m'khoma singadikire chaka chamawa. Patulani ndalama yapadera, K15 pa K100 iliyonse kapena kuposerapo, chifukwa pansi pakasweka pamatuluka zimene palibe anaziona, komanso mitengo ya zipangizo imasintha ntchito ili m'kati. Ngongole ya katapila musaitengere bafa. Kuli bwino kugawa ntchito m'zigawo ziwiri, chaka chino zapansi, chaka chamawa zapamwamba.

Kuwerengera matailosi n'kosavuta. Bafa la mamita 2 m'litali ndi 1.8 m'lifupi lili ndi masikweya mita 3.6 pansi. Makoma ake kuzungulira ndi mamita 7.6, ndipo mukafuna matailosi ofika mamita 1.8 m'mwamba, mupeza masikweya mita pafupifupi 12 mutachotsa khomo. Onjezerani gawo limodzi mwa magawo khumi la oduka ndi osweka, ndipo mugule onse nthawi imodzi, chifukwa a mtundu womwewo ofika mwezi wina amasiyanako maonekedwe. Apansi akhale okhakhala. Anyowetseni m'sitolo momwemo muwakhudze ndi dzanja, ndipo oterera muwasiye ngakhale akongole chotani. Bokosi limodzi lisungidwe la mtsogolo.

Chimbudzi chigulidwe mapaipi asanayalidwe, popeza china chimatulutsira kukhoma pamene china chimatulutsira pansi, ndipo pulambala ayenera kuyeza chenichenicho. Sankhani chimene zipangizo za m'thanki yake zimapezeka m'masitolo a pa boma, kuti kampira kakang'ono kakatha musamakwere minibasi mtunda wa makilomita oposa 80 kupita ku Lilongwe. Mpope wabwino umalemera m'dzanja chifukwa m'kati mwake ndi mkuwa, pamene wopepuka wonyezimira suchedwa kuthyoka. Simenti agulidwe ntchito ikayandikira, akhale wopanda mibulu, ndipo asungidwe pa matabwa osagunda khoma. Mchenga muuyese pouthira m'botolo la madzi n'kuukhutchumula. Ukakhazikika ndipo pamwamba pake pakaoneka matope ochindikala, ndi wa m'dambo ndipo pulasitala wake adzang'ambika.

Pofuna amisiri, musakhutire ndi zithunzi za pa foni. Pemphani kukaona bafa limene anamanga zaka ziwiri kapena zitatu zapitazo, mulankhule ndi eni ake, muthire ndowa ya madzi pansi muone kumene alowere. Satifiketi ya TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, ndi chizindikiro chabwino, ndipo kampani yomanga iyenera kukhala yolembetsedwa ku bungwe la boma loyang'anira ntchito zomanga, koma ntchito yakale ndiyo mboni yaikulu. Tengani makoteshoni atatu olembedwa, olekanitsa mtengo wa ntchito ndi wa zipangizo. Mgwirizano ulembedwe pamaso pa mboni, utchule ntchito yonse, masiku ake ndi malipiro a gawo lililonse, ndipo gawo lomaliza lilipidwe patapita masabata awiri bafa likugwira ntchito. Nenani izi mwaulemu kuyambira tsiku loyamba, mwachitsanzo kuti, "Bambo, ndalama yomaliza ndidzapereka tikaona limodzi kuti palibe pakudontha." Mmisiri wodalirika savutika ndi mawu otere, ndipo inunso mukalonjeza tsiku lolipira mulisunge.

Ndondomeko ya ntchito yeniyeni

Tsekani madzi ndi magetsi opita kubafa, tchingani khomo lolowera m'nyumba ndi pepala la pulasitiki chifukwa cha fumbi, kenaka amisiri aswe zakale. Pambuyo pake pulambala ayale mapaipi otaya madzi ndi obweretsa madzi, ndipo wamagetsi aike mapaipi a mawaya ake. Paikidwe valavu yotsekera madzi a bafa lokha, pamalo ofikirika. Mapaipi a m'khoma ayende mowongoka, choimirira kapena chopingasa, osati chodutsa pakati mwachisawawa.

Musalole kuti mapaipi akwiriridwe asanayesedwe. Atsekedwe kumapeto, adzazidwe madzi, akhale choncho tsiku lathunthu, ndipo muyendetse pepala louma pa mfundo iliyonse. M'paipi ya chimbudzi thirani ndowa zingapo wina ataima pa manhole kuona ngati madzi akufika mwamphamvu. Mukakhutira, jambulani makoma onse ndi foni tepi ili pambali, kuti tsiku lina pokhoma galasi kapena popachika thawulo musadzaboole paipi.

Kenaka pabwere pulasitala wa muyeso umodzi wa simenti pa miyeso inayi ya mchenga, ndi simenti wa pansi wa muyeso umodzi pa itatu. Miyesoyi ikhale ya ndowa, osati ya fosholo, chifukwa fosholo ya mchenga wonyowa imanyamula zambiri kuposa ya simenti. Pansi patsetsereke cha ku potulukira madzi, sentimita imodzi ndi theka kapena awiri pa mita iliyonse, ndipo pakhale potsikirapo pang'ono poyerekeza ndi pansi pa nyumba yonse kuti madzi asalowe m'kholido. Kutsetsereka kumeneku kumapangidwa pa simenti, osati pomata matailosi, choncho tsiku limeneli mukhalepo nokha ndipo muone levulo ndi maso anu. Thirirani simenti m'mawa ndi madzulo kwa masiku asanu ndi awiri, kenaka mumusiye aume masabata awiri kapena atatu, m'chisanu kuposerapo. Amisiri ambiri amafuna kudumpha masiku amenewa kuti alandire msanga, ndipo eni nyumba nawonso amatopa kusambira panja, koma tailosi yomatidwa pa simenti wosakhwima imadzatukuka.

Gawo limene limasiyidwa kawirikawiri ndi la mankhwala otchinga madzi. Anthu ambiri amakhulupirira kuti matailosi okha amatchinga madzi, koma madzi amalowa m'mizere ya pakati pake n'kumayenda pansi mosaoneka. Mankhwalawa amapakidwa kawiri ndi bulashi, pansi ponse, m'munsi mwa makoma onse masentimita 15, ndi pa makoma a posambira kufika mamita 1.8, ndipo m'ngodya ndi mozungulira mapaipi mumayalidwa kansalu kake kolimbitsira. Akauma monga mwa malangizo a pa chitini, tsekani potulukira madzi, dzazani pansi madzi okwera masentimita atatu, chongani pamene alekezera, ndipo muwasiye tsiku limodzi kapena awiri. Akatsika, kapena kuseri kwa khoma kukanyowa, pakonzedwe tailosi isanaikidwe ngakhale imodzi.

Matailosi amatidwe ndi simenti wake wapadera wopakidwa mokwanira kumbuyo konse, osati madontho asanu m'ngodya ndi pakati, chifukwa mphako zotsalazo zimasunga madzi ndipo tailosi imasweka ikapondedwa. Mizere ikhale yofanana, itsekedwe ndi grout, phala lotsekera mizere ya matailosi, pakapita tsiku limodzi, koma m'ngodya ndi pamene sinki yakumana ndi khoma paikidwe silikoni amene amatha kutamuka. Zikatha izi m'pamene mumangirire chimbudzi, sinki, mipope ndi magetsi, n'kupaka penti siling'i ndi makoma otsala. Chitseko chathabwa chipakidwe penti mbali zonse, ndi m'munsi momwe, ndipo chisagunde pansi, kuti chisamwe madzi komanso kuti mpweya uzilowa.

Kulandira ntchito

Pa tsiku lolandira, tsegulani shawa kwa mphindi khumi muone ngati madzi onse akupita ku potulukira popanda kudikha pangodya. Gejemulani chimbudzi kangapo, muyang'ane kumbuyo kwake ndi pansi pa sinki ndi pepala louma, muchigwedeze muone ngati chakhazikika. Gogodani matailosi mmodzimmodzi, yesani batani la chozimitsa magetsi chija, ndipo usiku womwewo mubwereze kuwerenga mita ya madzi. Zolakwika zonse zilembedwe papepala limodzi, inu ndi mmisiri musayinire, ndipo zikonzedwe malipiro omaliza asanaperekedwe.

Pomaliza, phunzitsani a pakhomo ndi alendo kagwiritsidwe ntchito kake. M'chimbudzi cha madzi musalowe zitsononkho, nyuzipepala, nsanza, matewera a ana kapena zovalira za amayi pa nthawi ya kumwezi. Ikani kandowa kovindikira pambali. Mankhwala amphamvu ochapira asathiridwe ochuluka, chifukwa amapha tizilombo timene timachititsa kuti zonyansa ziwole mu septiki. Zenera litsegulidwe munthu aliyense akatha kusamba, tsitsi lichotsedwe pa kasefa ka pansi sabata iliyonse, ndipo septiki itsegulidwe kamodzi pa chaka, mvula isanayambe, kuti ipopedwe matope ake asanafike theka la chipinda choyamba.